Pogula zida za seva yoyamba, tiyambe ndi magetsi ndi madisiki

Pa tchuthi chapitachi, Sabata litangotha, ife achinyamata angapo a ku Mwanza amene tikuphunzira za uphunzitsi tinakhala pakhonde n'kumakambirana zosonkha ndalama kuti tikhale ndi seva yathu yoyamba. Seva ndi kompyuta imene imakhala yoyaka pakona ya nyumba, n'kumasunga zinthu zoti foni kapena laputopu iliyonse yolumikizidwa pa Wi-Fi ya pakhomopo izitha kuzipeza popanda kugula bandulo. Tinkafuna kusungamo mapepala a mayeso akale a MANEB, manotsi, nyimbo zimene kwaya yathu inajambula, maulaliki a misonkhano ya misasa ndiponso zithunzi za maukwati. Mkangano sunachedwe. Ena ankati tigule kompyuta ya Core i7 yokhala ndi RAM yambiri, chifukwa ndi zimene amaona pa YouTube. Ife tikuti ayi: kwathu kuno ndalama yoyamba ipite ku magetsi odalirika ndi madisiki awiri, processor ibwere pamapeto.

Tikunena izi chifukwa zinatichitikira. Kusekondale ya mpingo kumene ena a ife tinaphunzira, manotsi ndi mafunso a zaka zambiri ankakhala mu laputopu imodzi yokha. Tsiku lina magetsi anabwera mwamphamvu, laputopu inazima osayakanso, ndipo tinalowa m'teremu yomaliza ya Fomu 4 aphunzitsi akulemba chilichonse mwatsopano pabolodi. Kompyutayo inali yothamanga ndithu, koma zonse zinali malo amodzi ndipo panalibe choiteteza.

Ntchito ya seva yosungira zinthu ndi yopepuka. Imangolandira fayilo n'kuipereka kwa amene waipempha. Kakompyuta kakang'ono ngati Raspberry Pi 4, kamene kanatuluka mu 2019, kamakwanitsa ntchitoyi, ndipo kali ndi polowetsa waya wa Gigabit Ethernet ndi ma USB 3.0 awiri. Mapulogalamu ake ngati OpenMediaVault ndi aulere, ndipo mutha kuwonjezapo Kiwix kuti Wikipedia izitseguka popanda intaneti, kapena Kolibri yokhala ndi maphunziro a ana asukulu. Ngati pakhomo pali kale kompyuta yakale yapatebulo, nayonso ikhoza kugwira ntchitoyi, ndipo n'zomveka kuyamba ndi imeneyo, popeza katundu wochokera kunja anakwera mtengo kwambiri kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma tiwerengetsere bwino. Makina odya mawati 60, akayaka usana ndi usiku kwa masiku 30, amatha mayunitsi opitirira 43. Odya mawati 10 amatha mayunitsi 7 okha ndi pang'ono. Amene amadalira sola ndi batire aona yekha kuti asankha ati.

Nkhani ya magetsi si yongopeka. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo kuzimazima kwa magetsi kunatenga miyezi yambiri. Hard disk ili ndi mbale zozungulira mkati, ndipo magetsi akazima ikulemba, fayilo imatha kuwonongeka. N'chifukwa chake UPS, kabokosi kokhala ndi batire kamene kamapereka mphindi zoti makina azimitsidwe bwinobwino, iyenera kukhala yoyamba pa mndandanda, limodzi ndi chotetezera magetsi obwera mwamphamvu. M'nyengo ya mvula, mphenzi zikayamba, kuzula mawaya kukhoma ndiko chitetezo chosafuna ndalama. Rauta nayo ilumikizidwe ku UPS yomweyo, apo ayi seva idzakhala yoyaka koma palibe adzaifikire.

Tikabwera ku madisiki, tigule awiri ofanana kukula, ngakhale atakhala ang'onoang'ono, kusiyana ndi kugula imodzi yaikulu. Akaikidwa m'njira yotchedwa RAID 1, chilichonse cholembedwa pa imodzi chimalembedwanso pa inzake. Madisiki awiri a 2 TB amapereka malo a 2 TB basi, ndipo ena amaona ngati ndalama yatayika, koma imodzi ikafa inzake imakhala ili ndi zonse. Pali madisiki opangidwira kuyaka nthawi zonse, monga Seagate IronWolf ndi WD Red Plus. Madisiki akuluakulu a mainchi 3.5 amafuna magetsi awoawo, USB ya Raspberry Pi siingawakwanitse. Tisamalenso ndi katundu wotchipa modabwitsa, ngati maflashi olembedwa 2 TB amene amagulitsidwa pa mtengo wa thumba la manachesi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Disiki yogwiritsidwapo kale ntchito tiziiyesa ndi pulogalamu yaulere ngati CrystalDiskInfo, imene imaonetsa maola amene yakhala ikuyaka ndiponso ngati yayamba kufooka, tisanapereke ndalama.

Ngakhale zili choncho, RAID 1 siiteteza ku mavuto onse. Mwana akafufuta foda mwangozi, imafufutika pa madisiki onse awiri. Mbava ikalowa, kapena denga likadontha, onse amapita limodzi. Choncho pakhale disiki yachitatu yonyamulika, yoti tizikoperapo zofunika kwambiri kamodzi pa mwezi n'kukaisunga kunyumba ina, kaya kwa azakhali kapena mu ofesi ya tchalitchi. Seva yeniyeniyo iikidwe pamalo okwera, podutsa mphepo, kutali ndi fumbi la m'chilimwe ndi kutentha kwa Okutobala, chifukwa kutentha kumafupikitsa moyo wa disiki.

Ena afunsa kuti bwanji osangoika zonse pa Google Drive. Funsoli ndi labwino, ndipo zikalata zofunika kwambiri n'zoyeneradi kukhalanso kumeneko. Koma malo aulere ndi 15 GB okha, amene mavidiyo ochepa a kwaya akhoza kudzaza, ndipo mwana aliyense wofuna pepala la mayeso ayenera kukhala ndi bandulo ndi netiweki yabwino. M'midzi yambiri ya ku Thambani kapena Kunenekude zimenezi sizipezeka tsiku lililonse. Seva ya pakhomo imalola ana khumi kutenga buku limodzi popanda kulipira kakhumi.

Ambiri a ife tikamaliza maphunziro tidzatumizidwa kusukulu zimene zilibe laibulale yokwanira, ndipo ife ndi amene tidzafunsidwe kuti ndalama zochepa za makolo zigulire chiyani. Ku mpingo timaphunzitsidwa za ukapitawo, kusamala zimene tapatsidwa, ndipo phunziroli likukhudzanso manotsi a mphunzitsi amene anawalemba kwa zaka khumi. Gulu lathu linagwirizana kuti tiyambe ndi kompyuta yakale ya amalume a mmodzi wa ife, ndipo ndalama zimene tasonkha zipite ku UPS ndi madisiki awiri. Disiki yachitatu tidzagula pa tchuthi cha Disembala, tikasonkhanso.