Chiyamiko sichilipira lendi

Achinyamata athu, mukayamba ntchito ku London kapena ku Johannesburg, mabwana ena adzakupatsani satifiketi ya wantchito wakhama, koma malipiro osawakhudza n'komwe.

Mu 1959, katswiri wa ku America, Frederick Herzberg, anagawa nkhaniyi pawiri. Malipiro oyenera ndi malo abwino ogwirira ntchito zikasowa, wantchito amakhumudwa. Zikapezeka, zimangothetsa madandaulo. Chimene chimautsa khama ndi kuyamikiridwa, kupatsidwa udindo ndi mwayi wokwezedwa.

Mabwana ena amangotolapo mbali yachiwiriyi, poti kuyamikira sikufuna ndalama. Ife tikuti zonse ziwiri n'zanu. Makolo anu ambiri ankangopirira poopa kuchotsedwa ntchito m'dziko la eni. Inu landirani chiyamikocho mwaulemu, kenako funsani za malipiro anu ndi kontrakiti yolembedwa.