Zikomo kwa Osamalira Wikidata

Kwa inu a Wikimedia Deutschland ku Berlin, komanso odzipereka nonse amene mumalemba mu Wikidata,

Ndikukulemberani kuchokera ku Old Town, mumzinda wa Lilongwe, kumene ndimapanga mawebusayiti a amalonda a mumsewu wa Malangalanga ndi kuzungulira msika waukulu: ogula soya ndi mtedza, a hadiweya, a mabasi. Ndikuthokoza chifukwa cha API yanu, njira imene pulogalamu yanga imafunsira nkhokwe yanu n'kulandira yankho nthawi yomweyo.

Ndikudziwa kuti pansi pake pali ntchito yolemetsa. Chiyambire mu Okutobala 2012, mwakhala mukupereka nambala kwa chinthu chilichonse, n'kuchilumikiza ndi zinzake. Malawi ndi Q1020. P31 imanena kuti chinthucho ndi cha mtundu wanji, P131 imanena dera limene malo ali. Dongosolo lotere akatswiri amalitcha ontology, ndipo kuti munthu alidziwe bwino pamafunika kukhala pansi nthawi yaitali. Ife nthawiyo tilibe. Kasitomala amafuna fomu yake igwire ntchito lisanafike Lachisanu.

Bambo wina wogula mbewu anandibweretsera kaundula wa madepoti ake, wolembedwa mu Excel ndi makalaliki osiyanasiyana kwa zaka zambiri. Wina analemba Ntcheu, wina Ncheu. Chikwawa ndi Chikhwawa kompyuta inkawawerenga ngati maboma awiri. Matumba a ku Neno ena anali pansi pa Mwanza, chonsecho Neno linakhala boma palokha mu 2003. Masamu sankagwirizana, ndipo bamboyo anali atayamba kuganizira anyamata ake kuti akumubera. Nditamangirira boma lililonse mwa maboma 28 ku nambala yake ya Wikidata, matumba "osowawo" anapezeka pamzere wina, palibe ndi limodzi lomwe lobedwa. Anyamata aja akugwirabe ntchito. Nkhani imeneyi ndiyo gwero la zikomo wanga wamkulu.

Mu 2015 anatsegulidwa malo ofunsira nkhokwe yanu mafunso m'chinenero cha kompyuta cha SPARQL. Ndi chida champhamvu, koma anzanga ambiri amachiona ngati katundu wa pamutu wopanda nkhata. Chimene chinatimasula ndi chakuti yankho limabwera mu JSON, imene aliyense wodziwa JavaScript kapena PHP amaiwerenga mosavuta, ndipo mu 2023 munawonjezera REST API yofanana ndi zimene tinazolowera kale. Munaganizira munthu amene sanapite ku maphunziro a zimenezi, ndipo si onse odziwa zakuya amene amatero.

China chimene mwina kwanuko simuchiona kukula kwake: zonsezi n'zaulere, pansi pa laisensi ya CC0. Kuno ndalama zakunja zimasowa, ndipo kulipira madola mwezi ndi mwezi kudzera pakhadi ya kubanki kwagwetsa ntchito zabwino zambiri. Inu simupempha khadi.

Mbali yotsala ndi yathu. Pachinthu chilichonse munasiya danga la dzina la m'Chichewa, pa chizindikiro cha "ny", ndipo madanga ambiri akudikira eni chinenero. Ndayamba ndi misika, mitsinje ndi mafumu a ndodo a m'boma la Lilongwe, ndipo ndikunyengerera anzanga a ku Area 3 ndi ku City Centre kuti aliyense atenge boma la kwawo.

Ine wanu,
Wopanga mawebusayiti,
Old Town, Lilongwe