Pempho kwa a kumudzi pa za bambo amene ali m'chipatala

A mfumu, amalume, azakhali, akuluakulu a mpingo ndi nonse kumudzi, landirani moni wa ife ana anu atatu amene tili kuno ku Joni.

Za ngozi mukuzidziwa kuposa ife. Minibasi imene bambo anakwera pa Chimbiya popita ku Lilongwe inaphulika tayala pa msewu wa M1 n'kugubuduzika. Anathyoka fupa la ntchafu, anavulalanso m'mutu, ndipo agonekedwa ku Kamuzu Central podikira opaleshoni. Mwendo aumangirira cholemera kumapeto kwa bedi. Kudya, kusamba, kudzithandiza, zonse n'zapabedi pomwepo.

Chimene chatilembetsa ndi mawu amene akuyenda pa mjigo ndi pa chigayo, akuti ife tinakhwimira bambo athu kuti ndalama zizibwera, n'chifukwa chake palibe wafika kudzawaona. Mawuwa atipeza kuno pa WhatsApp ndipo mlongo wathu anakana nsima usiku umenewo. Bambo omwewo amene anagulitsa mbuzi zawo kuti tipeze mapasipoti, ife n'kuwachita zimenezo?

Mwina simudziwa mmene tikukhalira. Achimwene amasamalira maluwa m'mayadi a anthu ku Randburg, ntchito yake yongoitanidwa. Ine ndimapakira katundu m'shopu kuyambira m'bandakucha mpaka mdima. Mlongo wathu amachapa ndi kusita. Tonse timagona chipinda chimodzi cha malata, ndipo lendi sadikira kuti kwanu kwagwa zovuta. Masiku 30 amene amadinda pa Beitbridge anatithera kalekale. Tikati tituluke lero, akhoza kutiletsa kulowanso mpaka zaka 5, ndipo wogwidwa m'misewu amakatsekeredwa ku Lindela. Tikabwera tonse, adzatumiza ndalama ndani? Ena amati randi ndi yambiri ikasinthidwa, koma chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, inu nomwe mukuona kuti thumba la feteleza likudya zingati. Komabe malata ali pa nyumba ya bambo anachokera m'manja mwathu. Mjigo utawonongeka tinasonkha. Pa maliro a agogo bokosi tinagula ndife, ndipo tsiku limenelo palibe anati ndalama zathu n'zokhwimira.

Pempho lathu lalikulu ndi la amayi. Ali okha. Masana amaphika pa mafuwa kumalo a odikirira odwala, nkhuni zogula, kenako n'kuthamanga ndi mbale kuwodi nthawi yoonera odwala isanathe. Usiku amayala chitenje pa simenti. Miyendo yawatupa, ndipo mukudziwa kuti amamwa mankhwala a BP. Bambo ndi munthu wa thupi, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda kumsana kumafuna mphamvu za mwamuna. Azakhali, bambo aang'ono ali pakhomo, adzukulu aamuna aliponso. Mutu umodzi susenza denga. Gwirizanani kuti muzilandirana sabata ndi sabata, amayi abwerere kumudzi akapumeko. Ya thiransipoti ndi ya ufa tizitumiza pa Mukuru, m'dzina la amalume, kuti pasadzakhale zolozana zala.

Madokotala anena kuti opaleshoniyo idzafuna magazi. Anyamata a timu ya mpira, amene tinakutumizirani yunifomu chaka chatha, pitani ku Malawi Blood Transfusion Service ku Lilongwe mukapereke. Ya minibasi tilipira ife.

Amalume, chonde mukatenge lipoti la ngozi kupolisi ndipo musunge pepala lililonse la kuchipatala, chifukwa a inshulansi ya minibasiyo salipira popanda zimenezo. Mwini galimoto akabwera ndi kangachepe kuti nkhani ithere pakhomo, musasaine kanthu tisanalankhulane.

Mvula yayandikiranso, ndipo munda wa kudambo mizere sinaungidwe. A mpingo, tithandizeni tsiku limodzi, thobwa tigula. Amayi a banki m'khonde, ngongole ya amayi tikuidziwa ndipo tiibweza, ingotipatsani mpaka kumapeto kwa mwezi wa mawa, musakatenge mbuzi zotsalazo. Amene muli ndi zithunzi za bambo atagona m'magazi pa msewu, zifufuteni. Ife tinaziona pa gulu la mudzi wina aliyense asanatiimbire foni.

A mfumu, itanani banja Loweruka lino, ndipo mutiuze dzina la amene akwere Lolemba kukalandira amayi.

Ndife ana anu,
a ku Johannesburg