Kalata ya Abusa pa za Ana Ochoka M'misewu ndi Alendo Odzawatumikira

Kwa akhristu onse a m'maboma a Machinga ndi Balaka, mafumu athu, abale athu achisilamu, ndi onse akufuna kwabwino.

Okondedwa athu, aliyense wokwera minibasi pa Liwonde kapena pa depoti ya Balaka amawaona ana amene tikunenawa. Ena amagulitsa majumbo ndi madzi, ena amanyamula katundu, ena amangotambasula dzanja. Usiku amagona m'makhonde a masitolo. Ambiri timawatcha ana a masikini, ngati kuti adabadwira pamsewupo, chonsecho aliyense ali ndi mudzi wake, mfumu yake ndi mwinimbumba wake. Ochuluka mwa iwo si amasiye konse: ali ndi mayi, kapena agogo, kapena atsibweni amoyo ku Ntaja, ku Nsanama, ku Ulongwe kapena ku Phalula.

Chowachotsa kumudzi tikuchidziwa. Namondwe wa Freddy adakokolola minda mu Malichi 2023, ndipo chaka chotsatira ng'amba idapsereza chimanga mpaka boma lidalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28. Nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga idachitira mu 2018, mabanja odalira usodzi amasowa pogwira. Abambo ambiri adapita ku Joni, ena sadatumizeko ngakhale uthenga. Kwinanso banja likatha, bambo watsopano safuna ana a mnzake pakhomo. Mwana amathawa njala kapena chikwapu, ndipo msewu umamulandira.

Tikuthokoza Mulungu chifukwa cha mipingo ndi mabungwe amene atsegula nyumba zolandirira anawa, ndi chifukwa cha abale ndi alongo ochokera kunja amene amasiya kwawo kudzatumikira popanda malipiro. Dera lino likudziwa ubwino wa mlendo wokhazikika. Bambo Mario Pacifici adakhala pakati pathu zaka zambirimbiri, ndipo bungwe la Andiamo, limene lidayamba ku Balaka mu 1984, laphunzitsa achinyamata ambiri ntchito zamanja. Chinsinsi cha Bambo Mario chidali chakuti adakhala, adaphunzira chinenero chathu, ndipo adagwira ntchito pamodzi ndi eni dera.

Koma pali utumiki wina umene ukutidetsa nkhawa, ndipo sitikhala chete. Gulu limafika pa ndege, limakhala masabata awiri, limanyamula ana, limajambula zithunzi, kenako limapita. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Ife akuluakulu timazolowera kutsanzikana, koma mwana amene adasiyidwapo ndi bambo ake, nasiyidwanso ndi achibale, akayamba kukonda mlendo amene wamutcha mwana wake, tsiku lotsanzikana limatsegula bala lakale. Gulu lina likabwera amakondanso, nasiyidwanso. Pamapeto pake amaphunzira kumwetulira aliyense popanda kukhulupirira aliyense. Alendo amabwerera kwawo ndi umboni wokoma wokanena kutchalitchi, wolera anawo n'kutsala akutonthoza olira.

Choopsa china ndi ndalama. Nyumba ikamalandira thandizo potengera kuchuluka kwa ana ogona m'menemo, mwini wake safuna kuti bedi likhale lopanda munthu. Apo mwana amasanduka chokopera thandizo. Si kuno kokha: dziko la Australia lidafika pozindikira mu 2018 kuti kusonkhanitsa ana m'nyumba za ana amasiye pofuna ndalama za alendo ndi mtundu wina wa ukapolo, ndipo mu Disembala 2019 mayiko a bungwe la United Nations adagwirizana kuti ana azileredwa m'mabanja ndi kuti malo osungirako ana azichepa. Kwathu kuno lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limafuna kuti malo otere azikhala ovomerezedwa ndi boma ndiponso aziyenderedwa. Mpingo usaganize kuti dzina la Yesu pa chikwangwani likuuchotsa pansi pa lamuloli.

Njira yabwino ilipo kale m'dziko muno. A Chisomo Children's Club ku Blantyre ndi a Tikondane ku Lilongwe amamulandira mwana kwa kanthawi, kwinaku akufufuza kwawo, kukambirana ndi achibale, ndi kumubwezera kusukulu. Ntchito imeneyi ndi yapang'onopang'ono, yoyenda pa njinga mpaka kumudzi kwa agogo, ndipo siituluka bwino pa chithunzi. Komabe ndiyo ntchito yeniyeni.

Tinenepo mosabisa pa nkhani ya chipembedzo. Ana ambiri a dera lino, makamaka ku Machinga, ndi ochokera m'mabanja achisilamu. Mwana wanjala angavomere chilichonse kuti adye. Tikuletsa kumusintha dzina, kumubatiza makolo ake osadziwa, kapena kumuuza kuti alandira nsima akatha kupemphera monga ife. Msamariya wa pa Luka 10 sadayambe wafunsa wovulalayo kumene amapembedza. Mwana wotere akadzabwerera kumudzi atasinthidwa mwamseri, achibale amamukana kachiwiri, ndipo ubale wathu ndi mashehe, umene tausunga zaka zonsezi, umaonongeka.

Choncho alendo athu tikuwapempha izi. Wobwera kwa masiku ochepa athandize olera ana m'malo molowa m'malo mwawo: namwino aphunzitse amayi osamalira ana, mmisiri akonze denga ndi mjigo, wodziwa kuwerengera ndalama akhale pansi ndi msungichuma. Aliyense abwere ndi kalata ya mpingo wake ndi ya apolisi a kwawo, asagone chipinda chimodzi ndi ana, ndipo asaike nkhope ya mwana ndi mbiri ya mavuto ake pa Facebook. Ndalama ya tikiti imodzi ya ndege ingalipire wolera ana wa kuno kwa miyezi yambiri. Mipingo yotuma anthu iganizirepo mofatsa.

Ife eni dera tisabisale kumbuyo kwa alendo. Yakobo 1:27 sadalembere azungu okha. Mabungwe a amayi, a abambo ndi a achinyamata m'mipingo yathu asankhe anthu okhulupirika oti aziyendera mwana amene wabwerera kumudzi, mwezi ndi mwezi, kuona ngati akudya ndiponso ngati ali m'kalasi. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, koma yunifolomu ndi makope zimabwezabe ana pakhomo, ndipo izi mpingo ungathe kulipira.

Makhonsolo a Machinga ndi Balaka apatse maofesi oona za chisamaliro cha anthu mafuta ndi njinga zamoto kuti aziyendera nyumba zolandirira ana mosadziwitsa. Mabanja olandira mwana wochoka mumsewu aganiziridwe pa Mtukula Pakhomo. Apolisi akumbukire kuti khoti lalikulu lidathetsa mu 2017 ndime ya lamulo la vakabu imene ankagwirira anthu ongopezeka panja, ndi kuti kuyambira chaka chomwecho malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Kusesa ana usiku n'kuwatsekera pamodzi ndi akuluakulu sikubweza mwana aliyense kwawo.

Woona mwana akuchitidwa nkhanza, kaya pamsewu, kaya m'nyumba ya mpingo wathu womwe, aimbe nambala yaulere ya 116 kapena akanene kupolisi, ndipo m'busa aliyense wobisa mlandu wotere adzayankha yekha. Kalatayi iwerengedwe m'matchalitchi onse Lamulungu likudzali, ndipo akulu a mpingo akaipereke kwa mafumu ndi kwa mashehe a m'dera lawo.

Ndife abusa anu mwa Khristu,
Atsogoleri a mipingo m'maboma a Machinga ndi Balaka