Za Pakhomo Pathu: Dzimbiri la pa Mabawuti

Inu eni mabanja, mwezi uno tifuna kukamba nanu za kanthu kakang'ono kamene kaononga chuma chambiri. Ngolo, pulawo, njinga ndi denga la malata, zonsezi zigwira chifukwa cha mabawuti, manati ndi misomali. Bawuti limodzi likaduka panjira, ngolo yodzala chimanga igona kuthengo.

Mabawuti atsopano anyezimira pakuti anawakuta ndi zinki, yemweyo amene akuta malata. Luso la kuviika chitsulo mu zinki wosungunuka nlakale ndithu: Sorel wa ku France analilembetsa m'chaka cha 1837. Koma pa mabawuti ambiri a kusitolo chokutacho nchopyapyala koposa tsitsi limodzi la munthu. Sipanala ikaluma, kapena nyundo ikamenya, chikalika. Pamenepo zinki wa m'mbali mwa balalo ayamba kudyeka ndiye, natchinjiriza chitsulo. Ndicho chifukwa chake muona kaufa koyera poyamba. Zinki akatha, dzimbiri lofiira lilowa, ndipo nati igwirana ndi bawuti osamasukanso.

Tsono akulu anati m'mera mpoyamba. Tsiku lomwelo mwamanga, chitani izi:

1. Pukutani mutu wa bawuti, nati ndi mazinga otsala kunja ndi kansalu kouma, kuti pasakhale dothi kapena thukuta la m'manja.

2. Pa ngolo, pulawo ndi njinga pakani girisi pang'ono. Koma asafike pa mabuleki, mungagwe naye m'ngozi.

3. Pa mitu ya misomali ya denga dontheza­ni phula. Penti wamba wa mafuta sakhalitsa pa zinki watsopano, asupuka msanga. Yambani mwapaka penti woyamba wopangira malata.

4. Musasiye feteleza, mchere, ndowe kapena phulusa lonyowa m'ngolo usiku wonse, pakuti izi zidya zinki mofulumira. Tsukani, muumitse, muimike ngoloyo pansi pa denga.

Chinanso tikuchenjezani: nati ikakana kumasuka, musaiotche pamoto. Utsi wa zinki udwalitsa munthu, namva ngati malungo. Thirani oyilo, mudikire kufikira m'mawa.

Mu Okutobala, mvula isanagwe, yenderani zonse pamodzi ndi ana anu, aphunzire nawo. Pamene pachita dzimbiri palani ndi kupakanso. Bawuti limene ladyeka lichotseni. Girisi wa m'kachitini ngwotsika mtengo, koma ngolo yatsopano ifuna chimanga cha zaka zingapo.

Tsalani bwino, tidzachezanso mwezi wamawa.