Foni isamangoti "Error", itiuze chavuta n'chiyani

Tiyerekeze kuti wogula mbatatesi ali pa Zalewa ndipo akutumiza ndalama pa app kwa mlimi wa ku Dambe. Kagudumu kazungulirazungulira, kenako foni yangoti "Error". Ndalama yapita kapena ayi? Akadinanso akhoza kulipira kawiri. Akasiya, mlimi sakweza matumba.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri app imakhala ikudziwa chavuta. Ikatumiza pempho ku seva kudzera pa API, yankho limabwera ndi nambala. 200 ndiye kuti zatheka. Manambala oyamba ndi 4 amaloza mbali ya wopempha: 401 seva sinakuzindikireni, lowaninso, 404 chomwe mukufunacho kulibe, 429 mwapempha kambirimbiri, dikirani kaye. Oyamba ndi 5 amaloza seva: 500 yasokonezeka yokha, 503 yalemedwa kapena akuikonza.

Nambala iliyonse ili ndi chochita chake. Nanga bwanji opanga ma app ambiri amaziunjika zonsezi m'mawu amodzi, achingerezinso? Zili ngati dokotala wongoti "mukudwala" n'kukutulutsani. Munthu amatha bandulo akudinadina pomwe vuto lili ku seva. Kulemba kuti "Vuto lili kwathu, ndalama yanu sinachoke, yesaninso pakapita mphindi 10" sikufuna ndalama zambiri.

Koma kumapiri a Neno choopsa kwambiri ndi pamene yankho silibwera n'komwe. Netiweki ikaduka pempho litafika kale, seva imakhala itadula ndalama koma foni sinamve. Apa app isathamangire kunena kuti zalephereka. Iyambe yafunsa ku seva netiweki ikabwerera. Komanso malipiro aliwonse akhale ndi nambala yakeyake, kuti munthu akadina kawiri seva izindikire kuti ndi omwe aja.

Ena ati imeneyo ndi ntchito yowonjezera, ndipo vuto ndi netiweki osati app. Zoona, koma chitsanzo chili konkuno. Azaumoyo a m'midzi ogwira ntchito ndi Abwenzi Pa Za Umoyo, bungwe lomwe lili ku Neno kuyambira 2007, amalemba za odwala pa app yomwe imasunga zonse m'foni n'kuzitumiza netiweki ikapezeka. Anaipanga akudziwa kuti netiweki imasowa.

Achinyamata amene mukuphunzira kupanga ma app, musamangoyesera ntchito yanu pa Wi-Fi ya mu ofesi ku Blantyre. Zimitsani data pakati pa malipiro, muone chomwe app yanu imuuze munthu. Ngati sikumuuza komwe kuli ndalama yake, ntchitoyo sinathe.