Malaya Ovala Kamodzi Alibe Kwawo

Mwa milandu yonse imene imasokoneza mtendere wa mabanja mumzinda uno wa Lilongwe, ulipo umodzi umene sunafikepo kwa ankhoswe kapena kubwalo la mafumu, chinkana umakambidwa m'nyumba zambiri madzulo alionse: ndiwo mlandu wa malaya amene munthu wawavala kamodzi, napita nawo kutchalitchi kapena kuchinkhoswe, nakhala pamthunzi osatuluka thukuta, nabwera nawo kunyumba asanade. Kuti awabwezere m'sutikesi pamodzi ndi zochapa ndi zosita, mayi wa m'nyumba amakana, amvekere apatsira zinzake fungo la thupi. Kuti awaponye m'beseni la zakuda, mwini wake amakana, amvekere akadali bwinobwino, ndidzawavalanso Lachitatu. Tsono malayawo, posowa kwawo, amathera pampando.

Sabata yathayi ndinakaona muphwa wanga ku Area 25, mnyamata waulemu wake ndi wapantchito, amene analowa m'banja chaka chatha. Nditaodira, ndinamva m'katimo anthu akuthamangathamanga, ndipo chitseko chitatsekulidwa ndinapeza mnyamatayo atakumbatira mtolo wa zovala wofika m'chibwano: jekete, jinzi, juzi ya m'mwezi wa Juni, ndi bulauzi yoyera ya Chigwirizano ya mkazi wake, mkono wake ukukhwekhwereza pansi. "Lowani, amalume, pepani, tingochotsako izi." Anakautula pabedi, ndipo sindikayika kuti pofika nthawi yogona mtolowo unabwerera pampando pomwepo, pakuti umo ndimo umayendera m'nyumba zambiri: usana pabedi, usiku pampando, mpaka tsiku limene palibenso wokumbukira kuti choyera n'chiti, chakuda n'chiti, ndipo zonse zipita ku madzi. Paja Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Nditafunsa, mkazi wake anayankha mwaulemu, maso ali pansi, kuti kwawo anaphunzitsidwa kuti chovala chikangokhudza thupi ndiye kuti chada. Chiphunzitso chimenechi ndachimva kwa ambiri, ndipo ndaona kuti amene amachilalikira molimbika kwambiri ndi iwo amene satunga madzi. Madzi amene timamwa mumzinda muno amachokera mumtsinje wa Lilongwe, umene gwero lake lili ku Dzalanyama, nasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Koma ife owayembekezera, amene kalembera wa 2018 anatipeza tili 989,318, tikungochulukirabe, ndipo ku Mgona ndi ku Chinsapo makomo ambiri alibe mpopi. Kumeneko mayi amalawirira ku kiyosiki kusanache, nafola pamzere, nalipira ndowa iliyonse, nasenza malita 20 pamutu pake, ndiwo makilogalamu 20, asanawerengere sopo, makala a m'simbi, ndi msana wake umene uwerama pabeseni kufikira dzuwa lili paliwombo. Munthu amene aponya thalauzi loyera m'zakuda chifukwa walivala maola atatu, wamuonjezera mayi ameneyu ndowa ina popanda chifukwa, ndipo ndikhulupirira kuti owerenga onse a nzeru zawo agwirizana nane kuti kumeneku si ukhondo ayi, koma kusaganizira mnzako. Onjezani apo kuti nsalu imatha ndi mwala wochapira kuposa ndi thupi la mwini wake: kolala imanyenyeka, mtundu umasuluka, mabatani amasweka, ndipo m'dzinja chochapa chimatha masiku chili chinyontho mpaka kuchita chuku.

Makolo athu analibe mlandu umenewu, pakuti analibe zovala zouyambitsa. Bambo wobwera ku Wenela ankafika ndi bokosi lake lachitsulo, m'mene munali suti imodzi, bulangete, ndi chipewa. Sutiyo inkatuluka Lamulungu m'mawa, nipachikidwa pansungwi yopingasa kuchipinda kuti ipitidwe mphepo, nibwerera m'bokosi dzuwa lisanalowe, ndipo inkatha zaka isanaone madzi, mwini wake nalemekezekabe nayo pamaliro ndi pamilandu. Mayi anali ndi nsalu ziwiri kapena zitatu za kwa David Whitehead, ndipo ankadziwa bwino lomwe ya kumunda ndi ya kutchalitchi. Lero kaunjika wa pamsika wa Tsoka watilemeretsa tonse, kotero kuti mnyamata wopalasa kabaza ali ndi malaya ochuluka kuposa amene anali nawo mphunzitsi wamkulu wa m'masiku aja. Koma chipinda chake sichinakule ndi phazi limodzi lomwe. Ndiponso kuyambira 1993, pamene linathetsedwa lamulo lija la 1973 loletsa amayi kuvala mathalauzi, jinzi, imene ndiyo mfumu ya zovala zosadziwika ngati zada, inachuluka kawiri m'nyumba iliyonse. Sindikudandaula za ufuluwo. Ndingonena kuti mpando ndiwo unasenza katundu wake.

Aliyense wowerenga Buku Lopatulika adziwa kuti ngakhale Mose anaona kuti chovala chokayikitsa chifunika malo akeake. Mu Levitiko mutu 13, chovala chooneka ndi banga chinkapita kwa wansembe, ndipo iye asanagamule kuti chichapidwe kapena chitenthedwe, ankachitsekera pachokha masiku asanu ndi awiri. Ngati anthu a m'chipululu, okhala m'mahema, anapeza poika chovala choyembekeza chiweruzo, nanga ife a m'nyumba za malata tilephera bwanji?

Chigamulo changa ndi ichi, ndipo sindichisintha: kwawo kwa malaya otere ndi pamsomali, kapena pachingwe. Ukawavula, uwatembenuze kunja kukhale m'kati, uwakutumule, uwapachike pa hang'ala pafupi ndi zenera kuti chinyontho cha thupi chiuluke, pakuti fungo limabadwa m'nsalu yonyowa imene yaunjikidwa, ndipo malaya amene akanavalidwanso amawonongeka usiku umodzi wokha akakhala pansi pa mtolo. Chingwecho chisadutse pamwamba pa bedi, chifukwa udzudzu umakonda kubisala m'zovala zolendewera, makamaka zamtundu wakuda, kudikira kuti nyale izime. Osawayala pansi kapena paudzu panja, pakuti ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pansalu ya thukuta, ndipo amene anafinyapo mphutsi pamsana pa mwana safuna kuuzidwa kawiri. Za kuwasiya panja usiku sindinenapo kanthu. Amene amakhala ku Area 23 kapena ku Kawale adziwa okha kuti chingwe chimacha chili chokha. Zam'kati ndi masokosi sizilowa m'bwalo lino, zimenezo n'zoweruzidwa kale. Ndipo m'mwezi wa Okutobala, pamene fumbi la Chinsapo lifika mpaka m'mano, munthu woyenda pansi asadzinyenge: ayang'ane kolala, anunkhize m'khwapa, avomereze.

Koma apa mpamene pali chilonda changa chakale. Msomali ufuna khoma, ndipo khoma lili ndi mwini. Pamene likulu linasamukira kuno kuchokera ku Zomba mu 1975, anthu anali kulandira mapuloti m'madera monga Area 25 kuti aliyense amange nyumba yake monga mwa mphamvu zake. Koma m'kupita kwa zaka puloti ya banja limodzi inabala midadada ya zipinda za lendi kuseri, chilichonse makoma anayi, chitseko, ndi kazenera kolowa mutu wa mwana, popanda shelefu, popanda thabwa, popanda ngakhale kachitsulo kamodzi kopachikapo chipewa. Wadiropu ya kwa kalipentala ikalowa m'chipinda chotero, bedi lituluke. Ndipo mwini nyumba yemweyo, amene sanakumangire poika chovala, ndiye ayamba kukulangiza tsiku lolowa kuti khoma lake lisakhomedwe.

Ndikali mnyamata ndinachita lendi ku Biwi kwa mayi wina wachikulire, wopemphera ndithu, amene makutu ake ankamva hamala ngakhale ali kumsika. Ndinangogogoda kamodzi, ndipo anatulukira pakhomo atamanga chitenje m'chiuno. "Achimwene, nyumba ya mwini saotchera mbewa." Mwambi umenewu ndimaukonda, ndipo ndaugwiritsa ntchito kwa alendo ambiri osadziwa malire, koma akuluakulu amene anaupeka ankanena za mlendo wogona ulere, osati za munthu amene tsiku loyamba la mwezi uliwonse amapereka ndalama zake ndi manja awiri. Wolipira lendi wagula ufulu wokhala ngati munthu, ndipo munthu amavula malaya. Ndinayesa kufotokoza zimenezi mofatsa, ndi ulemu wonse woyenera mayi wa msinkhu wa amayi anga, koma iwo anati mawu ndi ambiri, khoma ndi lawo. Ndinamanga chingwe kuchokera pa chitsulo cha zenera kukafika pa mtanda wa denga, chopendekeka kotero kuti zovala zonse zinkatsetserekera kumodzi n'kukaunjikana pazenera.

Tsiku losamuka mayi aja anabwera ndi mdzukulu wawo wa Sitandade 6 atanyamula kope ndi pensulo, nayendera makoma onse ndi chala, nawerenga mabowo, ena mwa iwo a anthu amene anakhalamo ine ndisanabwere. M'khoma lomwelo munali mng'alu wochokera kudenga mpaka pansi, umene ndinkamvera wailesi ya oyandikana nawo osagula mabatire. Nditawaonetsa, anandiyang'ana modabwa kuti munthu wophunzira angafunse zotero.

"Umenewo ndi wa mvula, achimwene. Mvula sindingailipiritse."